Khutu lamanzere likungolira chichokere ku renji, kodi n'zoona kuti makutu amazolowera mfuti?

Kamfana_wa_Yunifomu

Moni akuluakulu nonse. Ndikupempha amene mwakhalitsa pafupi ndi mfuti mundithandize maganizo chifukwa ine mtima suli m'malo. Ndine msilikali, chino ndi chaka changa chachiwiri. Lachinayi lapitali tinaswera ku renji, malo ophunzirira kuwombera, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ma earplug anatipatsa ndithu, aja a siponji achikasu aja, koma ine ndinangowatsamiritsa pakhomo pa khutu poopa kuti sajeni akamalamula sindimva, nde titapuma masana ndinawavula n'kuika m'thumba osawakumbukiranso, ndipo chigawo chamadzulo chonse ndinawombera makutu ali pamtunda.

Chichokere kumeneko khutu lamanzere likungoti ngwiiii osaleka, lero ndi Lolemba. Masana ndimaiwalako koma usiku kukangoti zii ndiye limachita kukula ngati nkhululu yalowa m'mutu. Komanso likumveka ngati mwalowa madzi, foni ndikaika kumanzere munthu akumveka ngati akuyankhulira mu mgolo.

Anzanga amene anayamba kale ntchito akungondiseka, akuti usadandaule mfana makutu azolowera, ife sitivala n'komwe ndipo mfuti sitiyimvanso kuwawa. Wina akuti ukafuna ingoika thonje basi. Nde ndimati ndifunse, kodi n'zoona kuti makutu amazolowera? Kulira kumeneku kutha kokha kapena ndipite kuchipatala? Chinanso chikundizunguza mutu, mfuti ndimagwirira kumanja ndiye bwanji likuvuta ndi lamanzere? Zikomo.

Mdala_Wamizinga

Mwana wanga, khala pansi undimvere bwinobwino. Mawu akuti makutu azolowera ndinawamvanso ine ndili msinkhu wakowo, ndipo ndinawakhulupirira, ndipo kenako ineyo ndinawauzanso anyamata amene anabwera pambuyo panga, chimenechi ndiye chimandiwawa kwambiri. Makutu sazolowera. Amene akuti mfuti sakuyimvanso kuwawa akunena zoona, koma chifukwa chake n'chakuti mbali ina ya khutu lawo inafa kale, sakudziwa chabe. Dzino likafa limaleka kupweteka koma si kuti lachira.

Ine ndinatha zaka zambiri pa mizinga ndi ma mortar. Nthawi yathuyo zotseka m'makutu zikapezeka tinkaziona ngati za anthu amantha, ena tinkatola timakontena ta zipolopolo towombera kale tija n'kusomeka m'khutu, ena fyuluta ya ndudu, ena thonje, ambiri chala basi, koma nanga chala ungatseke nacho bwanji khutu manja onse ali pa ntchito. Tikamaliza kuwombera tinkayankhulana mokuwa madzulo onse n'kumaseka, mawa lake zikakhala bwino timati waona, zatha. Zinkatha ndithu, kangapo konse, mpaka tsiku lina sizinathe. Lero papita zaka zoposa 20 kulira kuja kudakalipo, usana ndi usiku, sindikumbukanso kuti bata limamveka bwanji. Pogona ndimasiya wailesi ikulira motsitsa kuti iphimbeko.

Koma kulirako si kumene kumandipweteka kwambiri. Ndili ndi kamdzukulu kakakazi, kali ndi zaka zinayi, mawu ake ndi aang'ono okwera ngati a kambalame. Kamabwera kudzakhala pamiyendo panga n'kumandifotokozera nkhani zake, ine ndikuona milomo ikuyenda, mawu ndikuwamva kuti akutuluka, koma chimene kakunena sindikutola ngakhale chimodzi. Ndimangogwedeza mutu. Tsiku lina kanandifunsa funso ine n'kungoti eya, kanandiyang'ana n'kutsika kupita kwa agogo ake aakazi. Mayi akunyumbanso akabwereza chinthu kawiri katatu amatopa n'kungoti basi zisiyeni, nde iwe sudziwa kuti chimene wasiyacho chinali chiyani. Pagulu anthu akamayankhula ambiri nthawi imodzi ndimangokhala ngati mlendo. Anthu amaganiza kuti kugontha ndi kusamva kalikonse, ayi, umamva phokoso lonse koma mawu osalongosoka.

Mawa lomwe pita kuchipatala cha ku kampu kwanuko, ndipo uwauze kuti azilembe mu fayilo yako, tsiku ndi zimene munkachita. Usachite manyazi. Anzakowo akusekawo sadzakhalapo pamene uzidzafunsa mwana wako kuti wati chani kachitatu.

Nesi_wa_Makutu

Bambo Mdala anena zoona zokhazokha, ine ndingowonjezera za mkati mwa khutumo poti ndi ntchito imene ndimagwira, kuyeza makutu.

Achimwene, choyamba, masiku anayi ndi ambiri, musadikirenso. Khutu likangotopa ndi phokoso nthawi zambiri limabwerera pakatha maola 16 mpaka masiku awiri. Lanulo lapitirira pamenepo ndipo mukuti likumva mozimirira, nde pitani akakuoneni mkati ndi katochi kaja komanso akakuyezeni pa makina, mayeso ake amatchedwa audiogram, mumavala mahedifoni n'kumadina batani mukamva kalikhweru. Ndikukufulumizitsani chifukwa pali mankhwala a mtundu wa steroid amene dokotala nthawi zina amapereka khutu likavulala ndi phokoso, ndipo mwayi woti athandize umakhala m'masiku oyambirira omwewa, pakapita masabata mwayiwo umachepa kwambiri. Pakadali pano musathiremo mafuta kapena mankhwala a madontho, musatokosemo ndi kanthu, ndipo pemphani kuti musabwerere ku renji mpaka akuyezeni. Wina aliyense amene akuwerenga pano, mukaona magazi kapena madzi akutuluka m'khutu mutawombera kapena bomba litaphulika pafupi, kapena chizungulire, pitani tsiku lomwelo, mwina mwinikhutu wabooka. Iyeyu kawirikawiri amapola yekha pakatha masabata angapo bola musalowetse madzi, koma ayenera kuonedwa.

Tsopano chimene chimawonongeka. Kuseri kwa mwinikhutu, mkati mwa fupa, muli kachiwalo kopiringizika ngati nkhono, kodzadza timadzi, ndipo mmenemo muli timaselo tokhala ndi titsitsi pamwamba, pafupifupi 16,000 khutu lililonse. Mawu akalowa titsitsito timagwedezeka n'kutumiza uthenga ku ubongo. Munabadwa nato tonse ndipo simudzalandiranso tina. Mbalame ndi nsomba timaselo timeneti tikafa timameranso, koma ife anthu ayi, tikafa tafa. Toyamba kufa ndi timene timamva mawu okwera, pa audiogram ya munthu wowombera timaona mzere ukugwa pa 4,000 Hz (Hz ndi muyeso wa kukwera kwa mawu) kapena cha pomwepo ngati kadzenje. N'chifukwa chake bambo Mdala akuvutika ndi mawu a mwana, ndipo zilembo ngati s ndi f zimasowa, munthu umangotsala ndi a e i o u, kumva ukumva koma osazindikira.

Za kukula kwa phokoso. Timayeza ndi ma decibel. Kucheza kwa anthu awiri kuli cha pa 60. Pa 85 munthu angakhalepo maola 8 pa tsiku, koma mukangowonjezera 3 mphamvu ya phokoso yawirikiza kawiri ndipo nthawi imadulidwa pakati, pa 88 ndi maola 4, pa 91 maola awiri, pofika pa 100 ndi mphindi 15 zokha. Phokoso lophulika kamodzi ngati la mfuti malire ake ndi 140, kupitirira pamenepo chipolopolo chimodzi chikhoza kusiya chilema. Kamfuti kakang'ono ka .22 kali kale cha pa 140. Pistol ya 9mm ndi mfuti zazitali za asilikali zili cha pa 160, ndipo musaone ngati 160 ndi 140 n'zoyandikana, kusiyana kwa 20 kumeneko ndi mphamvu yochuluka ka 100. Zida zoombera akasinja zonyamula paphewa zija ndi mizinga zimafika ku ma 180. Khutu lili ndi kamnofu kake kamene kamakungika phokoso likakula, koma kamachedwa, mfuti imakhala italira kale n'kumaliza kamnofuko kasanayambe n'komwe. Palibe tireningi imene ingakafulumizitse.

Funso lanu la kumanzere ndi labwino ndipo timaliona tsiku ndi tsiku. Mukamawombera ndi mfuti yaitali ya paphewa lamanja mumapendeketsa mutu, khutu lamanja limabisala kumbuyo pafupi ndi phewa, mutu wanu womwewo n'kulitchinga, pomwe lamanzere limaloza kutsogolo kumene kuli kamwa ya mfuti. Amanzere zimawachitikira mosemphana, lawo lovuta limakhala lamanja.

Thonje ayi. Limachotsa ma decibel ochepa kwambiri, limangokupatsani mtima woti mwatseka pomwe simunatseke.

Chinanso chimene ndimafuna anzanu aja atamva. Ngakhale kulira kukatha n'kuoneka ngati zonse zabwerera, si kuti palibe chatayika. Mu 2009 akatswiri awiri, Sharon Kujawa ndi Charles Liberman, anaonetsa pa mbewa kuti khutu likhoza kubwerera pa mayeso koma timitsempha tina tolumikiza timaselo tija ndi ubongo titaduka kale. Nde nthawi iliyonse mwachoka ku renji makutu akulira, mwasiyako kanthu.

Chipolopolo_77

Zonsezi ndazimva ndipo sindikutsutsa za ku renji, kumeneko valani basi palibe chifukwa chokanira. Koma tiyeni tinene chilungamo, ku patrol ndi nkhani ina. Usiku m'tchire khutu ndiye diso lako, ukufunika umve kamtengo kakathyoka, umve mnzako akakunong'oneza, umve kuti kuwombera kukuchokera mbali iti. Utseke makutu ndi siponji uziyenda ngati uli pansi pa madzi? Ine bola ndidzagonthe ndili moyo. Ndipo zikayambika palibe amene amati dikirani kaye ndivale ma earplug.

Komanso zinthu zimenezi tizikhulupirira bwanji, si ku America komweko asilikali anapatsidwa ma earplug a kampani ya 3M kwa zaka zambirimbiri kenako n'kupezeka kuti anthu masauzande agontha atavala? Ngati a dziko lolemera choncho anagontha ali nazo m'makutu, nanga kasiponji kamene amagawa m'mawa ku renji kangatani? Ndikufunsa ndi mtima umodzi, ndiyankheni.

Wa_pa_Renji

@Chipolopolo_77 funso lanu ndi lenileni achimwene, ndipo asilikali ambiri amene savala chifukwa chake ndi chomwecho, si umbuli. Ine ndimaphunzitsa anthu kuwombera nde ndiyankhe zimene ndimaona.

Tiyambe ndi nkhani ya 3M. Ma earplug ake ankatchedwa Combat Arms, a mbali ziwiri, ina yotsekeratu ina yolola mawu kudutsa, ndipo asilikali a America ankapatsidwa cha m'ma 2003 mpaka 2015. Dandaulo linali lakuti anali aafupi ndipo ankakhwefuka m'khutu pang'onopang'ono wovalayo osadziwa. Mu 2018 kampaniyo inalipira boma la America madola 9.1 miliyoni, ndipo mu 2023 inavomera kupereka madola pafupifupi 6 biliyoni kuti milandu yoposa 200,000 ithe, ngakhale yokha sinavomere kuti inalakwa. Koma taonani pamene panagona nkhani, panali pa kukhwefuka. Mpata waung'ono ngati tsitsi ndi wokwanira kuti phokoso lilowe. Nde phunziro lake si lakuti tisavale, ndi lakuti chimene sichinatseke bwino chili ngati palibe. Ku America komweko kulira kwa m'makutu ndiye vuto loyamba pa mavuto onse amene asilikali opuma amalandirira chipukuta misozi, anthu opitirira 2 miliyoni.

Kasiponji mukukaderera kaja ndiye kamphamvu kuposa zambiri zodula. Pa paketi pamakhala nambala yoonetsa ma decibel amene kamatchinga, ku America amalemba NRR, ku Europe SNR, ndipo siponji yabwino imafika NRR 33, kuposa ma earmuff ambiri, aja ophimba khutu lonse ngati mahedifoni. Koma nambala imeneyo ndi ya mu labu, anthu wamba mmene amavalira amapeza theka lake kapena kucheperapo, ndipo kavalidwe ka mnyamata wafunsayu kotsamiritsa pakhomo ndiye ndimakaona pa anthu ambiri obwera koyamba. Kavalidwe kake ndi aka, manja akhale oyera, kapotokoleni pakati pa zala mpaka kawonde ngati kamtengo ka machesi popanda makwinya, dzanja la mbali inayo lidutse pamwamba pa mutu mukoke khutu m'mwamba ndi cham'mbuyo kuti njira iwongoke, lowetsani msanga kasanafufume, kenako gwirani ndi chala masekondi 20 kapena 30 mukumva kakufufuma mkati. Munthu akaima kutsogolo kwanu asakaone kakutuluka. Mukayankhula mawu anu amveke ngati akuchokera mkati mwa mutu. Kakada kapena kakaleka kufufuma tayani.

Pa renji ya m'nyumba, kapena pafupi ndi machine gun, mfuti yaifupi, kapena ya muzzle brake, kachitsulo ka kukamwa kwa mfuti, imene imaponyera phokoso m'mbali kwa mnzako, valani ziwiri, siponji mkati earmuff pamwamba. Musaphatikize manambala kuti 33 ndi 25 ndiye 58, ayi, mumangowonjezera cha pa 5 pa nambala yaikuluyo, chifukwa phokoso lina limadutsa m'mafupa a mutu. Koma 5 ameneyo si wochepa, ndipo phindu lina ndi lakuti earmuff ikasuntha siponji ilipo. Ndipo imasuntha ndithu, ukagoneka tsaya pa mfuti thako la mfuti limaikankha, miyendo ya magalasi nayo imasiya mpata, chimodzimodzi lamba wa helemeti.

Tsopano za patrol. Kuli ma earplug okhala ndi kafyuluta kakang'ono mkati, opanda batire, mawu a munthu amadutsa koma kuphulika kukabwera kafyulutako kamatchinga kwambiri. Kulinso ma earmuff a magetsi monga Peltor ComTac amene ali ndi timaikolofoni kunja, kunong'ona amakukweza n'kumveka bwino, mfuti ikalira sakuipititsa, ndipo amalumikizidwa ku wailesi. Si angwiro, kudziwa mbali imene phokoso lachokera kumavutirapo mpaka utawazolowera, nde amafunika kuchita nawo tireningi osati kuwavala koyamba tsiku la ntchito. Koma ganizirani mbali inayi achimwene, munthu wopanda kanthu m'makutu akangowombera magazini imodzi ndiye wagontha kwa maola, lamulo la pa wailesi sakulimva, kamtengo kaja sakukamva, pa nthawi yeniyeni imene khutu likufunika. Ndipo amene wakhala zaka akuwombera osavala ndiye amapita ku patrol ali kale ndi makutu otha. Zipolopolo zambiri zimene msilikali amawombera moyo wake wonse ndi za pa tireningi, mukateteza pamenepo ndiye kuti usiku uja m'tchire mudzakhala ndi khutu lomvera.

Musaiwalenso kuti si mfuti yokha. Mkati mwa galimoto zankhondo za unyolo ndi mu helikopita phokoso limapitirira 100, ndipo mumakhalamo maola. Jenereta imene mumagona pafupi nayo usiku wonse nayonso imadya khutu mwakachetechete. Suppressor, chija chomangirira kukamwa kwa mfuti chochepetsa phokoso, imathandiza, imachotsa ma decibel 20 mpaka 30 kapena kuposerako pang'ono, koma pa mfuti ya asilikali chotsalacho chikadali cha pa malire paja, nde valanibe.

Chipolopolo_77

Apo pa kugontha pakati pa nkhondo ndiye mwandigwira, zinandichitikirapo, mnzanga ankakuwa pafupi pomwepa ine ndikungoona kamwa. A kafyuluta aja ndiwafufuza.

Kamfana_wa_Yunifomu

Zikomo kwambiri nonse, makamaka inu bambo Mdala, nkhani ya kamdzukulu kanu ndinaiwerenga kawiri ndipo m'mawa mwake ndinalawirira kuchipatala. Anandiona mkati akuti mwinikhutu ali bwinobwino sanabooke. Pa makina paja khutu lamanja lili bwino, lamanzere mzere wagwa pa 4,000 ndendende mmene mumanenera a Nesi, anachita kundionetsa pa pepala. Andipatsa mapiritsi a masiku angapo ndi kalata yoti ndisayandikire renji mpaka adzandiyezenso. Kuzimirira kuja kwayamba kuchepa, foni ndikumva bwinoko, koma kulira kulipobe ngakhale kwatsika.

Dzulo ndinatenga kasiponji kaja n'kuyesa kuvala mmene a Wa_pa_Renji anafotokozera, kukoka khutu ndi dzanja linalo, aaa ndinadabwa, kanalowa konse ndipo fani ya m'chipinda inangoti zii. Zaka ziwiri zonsezi sindinavalepo bwino ngakhale tsiku limodzi ndipo palibe anandionetsapo. Ndawaonetsa anyamata awiri a m'chipinda mwathu, mmodzi akuti lake limalira kuyambira chaka chatha koma sanauze munthu.

A Nesi funso lomaliza, usiku kulira kukandisowetsa tulo ndikumavala ma earphone n'kuika nyimbo, kodi n'kulakwa?

Nesi_wa_Makutu

Mwachita bwino kupita achimwene. Ma earphone a usiku wonse asiyeni kaye, khutulo likufunika kupuma, ndipo munthu amakweza voliyumu osadziwa pofuna kuphimba kulirako. Ikani fani kapena wailesi chapatali, motsitsa, kuti kulira kuja kuzimveka pang'ono koma kusakhale kokha m'chipindamo, ubongo umafulumira kukunyalanyaza choncho kusiyana ndi kukuphimbiratu. Musamavalenso ma earplug pamalo abata, kulirako kumamveka kwambiri mukatero. Mapiritsi mumalize mmene anakuuzirani, tsiku lokayezedwanso musaliphonye, ndipo pepala la audiogram mulijambule pa foni kuti mudzakhale ndi poyerekezera chaka chamawa. Mnzanu wa chaka chathayo mupite naye limodzi.